Utsi wa Kumunda wa Mphesa

Ayi, sindinapite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo n'zomwe ndikufuna ulembezo, Tadala. Ndinakhala masiku asanu ndi anayi ndikungotsokomola. Lemba kuti: Esnati mng'ono wanga, ndamva kuti chifuwa chakugwira miyezi itatu koma kuchipatala ukukana. Tamva zanga.

Munali mu Febuluwale, chaka cha chilala chija, iwe Tadala ukuyamba kumene sukulu. Alamu ako, Esnati, analephera kukhala ku Spring Valley, kuno ku Nairobi, kwa mwana wathu, mayi ake a Tadalayu. Ankati munthu wozolowera khasu sangamangoyang'ana geti. Ndiye anapeza ntchito kumunda wa mphesa kupitirira Naivasha, mphesa zopangira vinyo, ine n'kuwatsatira. Kumeneko ndinali ndi mnzanga mmodzi, Mama Njeri, womangirira mphesa kumawaya. Iye Chichewa ayi, ine Chiswahili ayi. Tinkangocheza ndi manja, n'kumaseka.

Moto unabwera masana, kuchokera kuudzu wa kuphiri. Ine ndinachita zakwathu, monga timachitira lupsa likayandikira nkhokwe: kuthyola nthambi yaiwisi n'kumaumenya. Mama Njeri ataona, nayenso anathyola yake. Tinamenya limodzi mpaka mpango wanga unagwira moto. Mphesa zinapsa mizere yonse, nyumba za antchito nazonso, mbuzi, mabulangete, zonse.

Madzulo ake mawu anasasa. Ndinati utsi ndi utsi, ndakula nawo kukhitchini. Tsiku lachitatu makhololo anayamba kutuluka akuda. Ndinamwa madzi a mandimu ndi jinja. Mama Njeri nayenso ankatsokomola, tikaonana amandiloza pachifuwa, ine n'kumuloza, n'kuseka. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinalephera kufika pampopi, ndinakhala pansi panjira ndi ndowa yanga. Apo m'pamene alamu ako anaimbira mwana wathu, nandibweretsa ku Nairobi pagalimoto.

Adokotala atandijambula chifuwa anauza mwana wathu kuti, “Uwu si utsi wa udzu wokha. Munali mapaipi a pulasitiki ndi mitengo yopaka mankhwala. Mapapo atupa, chibayo chalowa. Akanachedwa masiku awiri sitikanawathandiza.”

Ndinagona masabata asanu. Lemba bwino pamenepo, asanu. Mmawa kusanache bwino amabwera kudzayeza kutentha kwa thupi, kenako jakisoni, kenako tiyi. Kumphuno anandiika kapaipi ka mpweya. Ikakwana nthawi ya alendo, mabedi ena onse amazunguliridwa ndi anthu, mafulasiki, nthochi, mapemphero. Ine ndimatembenukira kukhoma. Amayi ako, Tadala, usakwiye, sindikuwanena, ntchito inawatumiza kunja masabata awiri. Agogo ako aamuna anatsala kumunda kuzula zitsa, anabwera kamodzi kokha, nakhala pampando chipewa chili pabondo. Azimayi a kutchalitchi cha Amalawi anabwera Lamulungu lina. Nditamva “Mwaswera bwanji, agogo?” ndinalira mpaka namwino anathamangira.

Masiku enawo ndimalankhula ndekha Chichewa, kuti lilime lisaiwale. Ndimatchula mayina a midzi ya kwathu kuyambira pamsika mpaka pamlatho. Namwino wina amangondisisita phewa n'kumati, “Pole, mama,” ndiye kuti pepani mayi. Mawu amenewo ndiwo ndinaphunzira.

Nditatuluka ndinaumirira kuti andiperekeze kumunda kuja, ndikamuone mnzanga. Ndinamugulira mpango ku Ngong, wobiriwira. Tinapeza bata. Mphesa ukabzala zimatenga zaka kuti zibereke, ndiye antchito anali atabalalika, wina uku wina uku. Mlonda ndiye anatiuza kuti Mama Njeri anamuika m'manda kwawo ine ndili sabata yachiwiri m'chipatala. Ankadikira kuti chifuwa chitha chokha. Analibe womusiyira ana.

Nthambi ija anathyola chifukwa anaona ine, Esnati. Ndipo ndikamaseka chifuwa changa, nayenso amaseka chake. Zimenezi sindinauzepo munthu, ngakhale alamu ako mpaka anamwalira. Mpangowo ndikadali nawo m'sutikesi, sindinauvalepo.

Pano ndili bwino. Ndimayenda mpaka kugeti n'kubwerera. Kukazizira mu Julayi chifuwa chimalira ngati kamwana ka mphaka, ndimapopera kamankhwala kanga mkamwa, basi chimaleka. Pafupi ndi mbaula sindikhala.

Ndiye iwe usandiuze kuti ndi fumbi la chimanga, kapena kuti udikira ukolole kaye. Chimanga akolola ena. Mawa mmawa uvale chitenje chako, ukakhale pamzere, akakuyeze makhololo. Ngati ukuopa kupita wekha, tenga mwana wa achimwene. Anzanga atha, amene ndingalankhule naye zakwathu watsala ndiwe.

Walemba zonse? Za mpango usachotse. Ayi, usandiwerengere, ndilira. Tumiza pompano, Tadala, asanagone n'chifuwacho tsiku lina.