Mtsikana Amene Ndinapekera Alamu Anga

Ndili ndi maakaunti awiri pa foni imodzi. Yeniyeniyo ndimatsatsirapo mbuzi pa Ngabu. Inayo ndinatsegula ndi dzina la mtsikana wopeka, Esinati, kuti ndizinyozerapo alamu anga, odula nzimbe amene amajambulitsa atatsamira galimoto ya abwana awo ngati yawo.

Ndinalemba pansi pa chithunzi chawo kuti, "Bwana, tayala lokhalo likukuposani mtengo."

Chitsirucho chinandilowera ku inibokosi: "Esinati, uli ndi nthabwala. Tikumane Loweruka, ndine wosakwatira."

Wosakwatira! Ana ali mbwee kwa Maseya.

Patapita masiku mlongo wanga, mkazi wawo, anandifunsa, "Achimwene, alamu anu akungosekerera foni masiku ano, kwagwanji?"

Ndinati mwina ndi za mpira. Ndikanamuuza bwanji kuti mkazi akumusokonezera banjayo ndine, ndevu zonsezi?