Chibwano cha Mzee Nzioka

Mzee Nzioka, mdala wa kuntchito kwathu, anayamba ntchito ali mnyamata, akukwawa m'miyala ya ku Turkana kufunafuna mano a anthu amakedzana. Mawondo atayamba kuvuta anawasamutsira kuno ku Nairobi, kuchipinda chathu chosungiramo mafupa. Iwo ankayeza mano ndi kachitsulo kopanira, ine n'kumalemba. Mano a akufa anagwira osawerengeka, koma awo sankalola munthu kuwasuzumira. Bambo awo anamwalira ku Machakos atangozulitsa dzino, tsaya litatupa ngati dzungu, ndiye kwa dokotala wa mano Mzee anali asanapondeko.

Kenako kunabwera makina. Dzino ankalijambula mbali zonse mpaka m'kati, chithunzi n'kumazungulira pakompyuta, kompyutayo n'kuyeza yokha nsonga ndi mizu yomwe. Daktari Jepkorir, mayi amene ankatsogolera kafukufukuyo, anafuna mano a anthu amoyo oti aziyerekezera ndi akalewo, ndipo anapempha ife antchito.

"Ine ayi, Daktari," anatero Mzee. "Dikirani ndife kaye, mudzachite kundifukula."

"Inu Mzee, afisi a ku Turkana munkawathamangitsa ndi nsapato, lero mukuopa kamera?" ndinawaseka.

Manyazi ndi amene anawapititsa. Tinakajambulitsa pa kachipatala kena ka mano, iwo ataluma kapulasitiki, atatsinzina, thukuta lili kamukamu.

Zithunzi zitafika, kompyuta inayeza mano a tonsefe bwinobwino. Koma pa dzino lakumapeto la Mzee, kumunsi chakumanzere, inakana, n'kulemba zofiira. Daktari anatembenuza chibwanocho pakompyuta, n'kuchidula pakati. Pansi pa mano panali mphako yakuda yonga thovu la sopo, mizu itadyeka. Daktari anaika pansi mandazi amene ankadya.

"Mzee, mbali iyi imapweteka?"

"Ayi. Imangochita dzanzi."

"Kuyambira liti?"

Mzee anangogwira tsaya, maso ali pa chigaza chawo chomwe, chikuzungulira pang'onopang'ono.

"Ine si dokotala wa amoyo," anatero Daktari motsitsa mawu. "Koma mawa lomweli mupite kuchipatala."

Sanapite, ndipo kuntchito sanabwerenso. Foni inali yozima. Sabata yotsatira akazi awo, Mama Syokau, anandiimbira foni.

"Mwanawe, mwawachita chiyani bambowa? Sakudya. Akungokhala ndi kalilole, kumadzitobwanya tsaya. Dzulo anditengera ku Machakos kukandilozera poti ndidzawaike, pafupi ndi bambo awo."

Ndinakwera matatu, minibasi ya kuno, kupita kwawo. Ndinawapeza pakhonde atavala chikhoti dzuwa likuswa mtengo, ataonda ngati adwala chaka.

"Wabwera kudzaona mtembo?" anandifunsa.

"Ndabwera kudzakutengani."

"Bambo analowa m'chipatala akuyenda ndi miyendo yawo. Iwe sunawaone potuluka. Ine ndinawaona."

Amene anawadzutsa ndi Mama Syokau. Anatuluka ndi nsapato zawo, n'kuziponya pamapazi pawo.

"Valani. Ngati n'kufa mukafere komweko, osati pakhonde panga anthu akuona."

Madokotala anati chinali chotupa. Sichinali khansa, koma chinkadya fupa mwakachetechete, ndipo chikanadzathyola chibwano. Anayenera kudula mbali yodyekayo n'kuikapo fupa lochokera kumwendo. Mzee atamva zakumwendozo anafunsa kumene kuli chimbudzi, ndipo tinakawagwira ali kale pageti.

M'mawa wa opaleshoni anandigwira dzanja mpaka zala zanga zinachita dzanzi. Anamwino anachita kuwamasula chala chimodzichimodzi. Ine ndi Mama Syokau tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, tikudzidzimuka chitseko chikangotseguka.

Mzee anadzuka. Miyezi ingapo ankangomwa phala ndi msuzi, akulankhula ngati ali ndi mwala m'kamwa, akutsimphina.

Anabwerera kuntchito mvula itayamba. Masiku ano ndi iwo amene amatsuka mano akale ndi kuwaika m'makina, chifukwa dzanja lawo silinjenjemera. Koma chibwano chikangoyamba kuzungulira pakompyuta, amanyamuka, ati akukaona ngati tiyi wapsa.