Timadontho Tofiira pa Galasi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi ambuya, amayi a malemu bambo anga, amene anandilera ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, makolo anga atamwalira. Ambuya ankagulitsa vitumbuwa m'mbali mwa bwalo la fumbi pomwe sukulu ina yophunzitsa kuyendetsa motoka inkaimika madiramu ake. Nditamaliza sukulu ndinkangokhala pafupi ndi beseni lawo, kuonerera mamotoka akubwerera m'mbuyo tsiku lonse. Tsiku lina mwini sukuluyo, Ba Mudenda, atabwera kudzagula, ambuya anawauza mosazungulira kuti mwana uyu Yotamu salankhula koma maso ali nawo, amutenge asanawathere vitumbuwa. Ba Mudenda anaseka, n'kunena kuti ndibwere m'mawa.

Ndinayamba ndi kutsuka mamotoka, kuona mafuta ndi madzi, ndi kugubuduza madiramu. Ba Mudenda anandiphunzitsa okha kuyendetsa, masana a Lamlungu, pa motoka yakale yoyera ya kilachi yolimba ngati khasu. Nditatenga laisensi, ndipo patapita nyengo n'kutenganso mapepala a uphunzitsi, anandikhazika pa mpando wakumanzere wa motoka yomweyo. Pansi pa phazi langa panali buleki yachiwiri yowotcherera, yolumikizidwa ndi chitsulo ku buleki ya wophunzira. Wophunzira akasokonezeka ndinkangoponda, motoka n'kuima.

Aphunzitsi tinalipo awiri, ine ndi Lackson. Lackson anali wamkulu kwa ine pang'ono, wa malaya oyera osita bwino, wonunkhira, wodziwa kuseketsa azimayi. Aliyense wofika pa bwalo ankamulonjera m'Chibemba kuti "Muli shani, mayo," ngakhale munthuyo akhale Mtonga. Ophunzira ankamubweretsera nkhuku, nsomba zouma, nthawi zina nshima yotentha m'mbale yovundikira, ndipo iye ankadyera pa boneti, n'kundiitana kuti ndidzatsine nawo. Ndinkakana. Iye ankatchedwa Ba Lackson. Ine ankanditchula kuti uja wa zii.

Ku mayeso a laisensi anthu ambiri amagwera pa rivesi. Munthu amayenera kubweza motoka m'mbuyo, kuipinda, ndi kuilowetsa pakati pa madiramu osagunda ngakhale limodzi. Amayesedwa pa motoka ya sukulu imene waphunzirira, ndipo woyesayo amaima panja. Lackson anatenga utoto wofiira wopaka zikhadabo wa mkazi wake n'kudontheza timadontho pa galasi la m'mbali la kumbuyo, tating'ono ngati nthangala za mapira, toti munthu wa panja sangatione. Kenaka anapeka kanyimbo: diramu likafika pa kadontho koyamba, pinda yonse, likafika pa kachiwiri, wongola, likabisika, ima. Wophunzira sankafunika kudziwa kumene matayala akuloza. Ankangoyang'ana galasi limodzilo n'kumaimba chamumtima. Ophunzira ake ankapambana mayeso ngati madzi otsika phiri.

Ine ndinkaphunzitsa mmene Ba Mudenda anandiphunzitsira. Ndinkamutsitsa wophunzira, kumuzunguliritsa motoka, kumuonetsa mmene thako la motoka limakhotera siteringi ikapindidwa. Ndinkasuntha madiramu tsiku ndi tsiku kuti asaloweze. Anthu ankatopa nane. Ena ankapita mwakachetechete kwa Ba Mudenda kukapempha kuti awasamutsire kwa Lackson, ndipo m'mawa mwake ndinkawaona m'motoka ina ija akuseka, osandiyang'ana n'komwe. Ndinkaima pansi pa mtengo ndi nsalu yanga yopukutira, mumtima mukutentha. Madzulo ndikawadandaulira ambuya, ankangondiyankha kuti anthu amagula vitumbuwa kwa amene akumwetulira, ngakhale zikhale zosapsa m'kati.

Chaka chimenecho Ba Mudenda anaitanitsa motoka yatsopano. Anatiuza tonse awiri kuti zakale zija azigulitsa imodzi ndi imodzi, ndipo sukulu itsala ndi motoka imodzi ndi mphunzitsi mmodzi. Sananene kuti ndani. Kuyambira tsiku limenelo ndinkagona ndi motoka yatsopanoyo m'mutu, ndisanaione n'komwe, ndipo nthawi zonse m'malotomo pa mpando wakumanzere pankakhala malaya oyera.

Mwayi wanga ndinauona mwa Bamake Luyando. Anali mayi wa ku Kafue Estates, wogula nsomba kumtsinje n'kukagulitsa ku Lusaka, ndipo azimayi anzawo a nsomba ankamvera zonena zawo. Anaphunzira kwa Lackson, n'kupambana ulendo woyamba womwe. Kenaka anagula motoka yawoyawo, yaitali, ya chitseko chotsereka, ya giya yosintha yokha. Tsiku loyamba kupita nayo kumtsinje anapempha kuti Lackson awaperekeze, koma iye anali atapita ku Lusaka ndi ophunzira ena. Ba Mudenda anatuma ine. Ndinasita malaya m'mawa umenewo. Ndinkaganiza kuti mayi ameneyu akandiyamikira pakati pa anzake, gulu lonse la nsomba libwera kwa ine, ndipo Ba Mudenda aona okha.

Tisananyamuke ndinawapempha kuti tizungulire motoka, tione matayala, tikonze mpando ndi magalasi. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Ba ticha, nsomba siyembekeza munthu. Ba Lackson sanali kutaya nthawi so."

Ndinalowa. Ndinaona kuti ndodo ya giya ili pambali pa siteringi, osati pakati pa mipando, ndiponso kuti buleki yoimikira motoka ndi yoponda ndi phazi, kumbali ya woyendetsa. Ndinazisunga m'mutu. Ndinaonanso kuti phazi lawo lamanzere limangofunafuna kilachi pamene palibe kilachi, ndipo ndinawauza kuti alipinde alibise pansi pa mpando. Anati Ba Lackson akanawauza mowaseketsa.

Njira yonse inali ya Lackson. Lackson ndi mwana wolemekeza akulu, Lackson ali ndi dzanja labwino, Lackson akatsegula sukulu yake adzamutumizira azimayi onse a kutchalitchi. Kutsogolo ankayendetsa bwino ndithu, pang'onopang'ono, atakumbatira siteringi. Pa msewu waukulu malole akatidutsa ankatseka pakamwa, akangopita n'kuyambiranso Lackson. Ine ndinkangoti inde, inde, maso pa magalasi.

Pamene amagulira nsomba ndi malo otsetsereka kulowera kumadzi. M'mawa umenewo panali podzaza. Mabwato anali atakokedwa pamatope, azimayi atanyonyomala akupala nsomba m'mabeseni, ndipo m'mbali munali mzere wa mafiriji akale osungiramo ayezi. Firiji ya Bamake Luyando inali chapakati pa chitsetserekocho, ndipo kuti apakire anayenera kubweza motoka pakati pa lole yoima ndi mafirijiwo. Malowo anali otakata kuposa a pakati pa madiramu athu. Ndinawafunsa ngati ndiwabwezere. Anakana. Anzawo anali atayamba kale kululutira motoka yatsopano, ndipo sakanatsika pa siteringi pamaso pawo. Inenso sindinaumirire, poti ndinkafuna kuti andikonde.

Anaika rivesi, motoka n'kuyamba kuyenda yokha pang'onopang'ono monga zimachitira za giya yotere. Anatembenuza khosi kuyang'ana galasi la m'mbali la kumbuyo. Galasilo linali lakuda, lopukutidwa bwino, lopanda kanthu. Ndinamva akung'ung'udza kanyimbo kaja, n'kukalekera pakati.

"Ba ticha, kadoti kali kuti?"

Ndinawauza kuti aponde buleki, ayang'ane pa galasi loonera kumbuyo. Sanandimve. Anapinda siteringi yonse monga inanenera nyimbo, thako la motoka n'kulunjika kumadzi. Ataona mabeseni akuyandikira anaponda mwamphamvu, koma phazi linali pa mafuta.

Zimene thupi langa linachita sindinazitume. Phazi langa linamenya pansi, pamene pamakhala buleki yanga yowotcherera, n'kupeza kapeti. Dzanja langa linathamangira pakati pa mipando kukakoka buleki ya dzanja, n'kugwira chikwama chawo. Zonsezo ndinali nditaziona m'mawa womwewo kuti mulibe. Kachitatu m'pamene ndinadumphira ndodo ya giya n'kuikankhira pa nyutulo. Injini inalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, koma motoka inali itatenga kale liwiro, ndipo chitsetsereko chinaikoka.

Pa galasi ndinaona mayi wobereka mwana atanyonyomala, nsana atatipatsa. Mnzake anamukoka ndi chitenje, onse atatu n'kugwera m'mbali. Beseni lawo linaphwanyika pansi pa tayala. Kenaka tinamva kuthetheka kwa mtengo, motoka n'kutitimira m'matope mpaka madzi kulowa pansi pa chitseko cha kumbuyo. Chimene chinatiimitsa ndi bwato, lomwe tinaling'amba pakati.

Ndinazimitsa injini. Bamake Luyando anali akadali chigwirire siteringi, phazi likadali pa mafuta. Mwana uja ankalira, ndipo kulira kwakeko ndi kumene kunandibwezera mpweya. Mwini bwato, mdala wina wa imvi, anafika n'kuima m'madzi, akusisita mtengo wong'ambikawo. Amene ankalankhula ndi azimayi, ndipo zala zonse zinkaloza ine. Wina anafunsa kuti mphunzitsi wa mtundu wanji amene amakhala chete munthu akulowa mumtsinje. Wina anati akanakhala Ba Lackson sizikanachitika. Anyamata a pa lole anatikoka ndi chingwe, ndipo ndinabweza motokayo ku Estates ndili ndi matope mpaka m'mawondo, mwini wake atakhala kumbuyo.

Ba Mudenda anapita okha kumtsinje kukakambirana ndi mdala uja ndi mayi wa beseni. Atabwera anandiitanira kuseri kwa madiramu. Kwa nthawi yoyamba ndinalankhula zambiri. Ndinawauza za utoto wa zikhadabo, za kanyimbo, ndi kuti mayi ameneyu ali ndi laisensi koma sadziwa kumene motoka ipita ikamabwerera. Ndinkayembekeza kuti adabwa. Anangopukuta magalasi awo a m'maso.

"Niviziba vidoti, Yota. Vipasisa bantu. Manje iwe unali mukati. Ticha anali ndani?"

Timadonthoto ankatidziwa kale, ndipo ankatilekerera poti timapambanitsa anthu mayeso. Anawonjezera kuti mphunzitsi akaona kuti wophunzira sangathe, amamulanda kiyi ngakhale anthu akululutira.

Motoka yatsopano inafika mwezi wotsatira, yabuluu, mipando ikadali m'mapulasitiki. Ndinaitsuka ndine. Lackson anaizungulira akuimba mluzu, kenaka anatulutsa kabotolo kofiira m'thumba la malaya, n'kundipempha kuti ndimugwirire diramu pamene ayeze. Ndinamugwirira. Sanandinyoze ngakhale pang'ono, ndipo anandiuza kuti ndisadandaule, zimachitikira aliyense. Ndikanakonda akanandinyoza.

Ndinakhalabe mpaka motoka yanga yakale itagulitsidwa. Tsopano ndimayendetsa lole ya bwana wina ku Industrial, dera la mafakitale, yonyamula matumba a feteleza. Lackson ali ndi sukulu yake, dzina lake lolembedwa pa zitseko, ndipo azimayi a kutchalitchi anapitadi. Ndikaona mamotoka ake pa bwalo lija, pamene ambuya ankakhala ndi beseni lawo, chinsanje chija chimandigwirabe. Sichinathe, ndipo ndinasiya kuyembekeza kuti chidzatha.

Bamake Luyando ndinakumana nawo pa msika patapita nthawi. Anandiitana mosangalala, n'kundionetsa galasi la motoka yawo. Panali timadontho tofiira tiwiri.

"Ba Lackson ananikonzela. Manje kumtsinje nibwela bwino maningi."

Sananame. Lackson anapita nawo kumtsinje n'kuyeza timadonthoto ndi firiji yawo. Pamalo amenewo amabweza bwino kwambiri, malinga firiji isasunthidwe. Kwina konse amazungulira mpaka apeze poima pamene adzachoke cha kutsogolo.

Chimene ndinatenga pa ntchito imeneyo sindicho ndinkafuna. Ndinapita kumtsinje ndikudziona wosiyana ndi Lackson, koma phazi langa ndi dzanja langa zinali ndi timadontho tawo, zinaloweza motoka imodzi monga mayi uja analoweza galasi limodzi. Lero ndikapatsidwa lole imene sindinayendetsepo, sindiliza injini ndisanagwire chilichonse ndi dzanja: buleki, giya, hutala, ndi kuponda pedulo iliyonse mpaka phazi lizolowere. Anzanga amaseka kuti ndikupempherera lole. Ndipo ndikamayenda pansi pa msika kapena pa siteshoni, motoka ikayatsa magetsi oyera a kumbuyo, ndimayamba ndayang'ana galasi la m'mbali. Ndikaona kadontho kofiira, ndimakoka mwana aliyense amene ali pafupi, n'kuchoka kumbuyo kwake.