Yunifolomu pa maliro a NyaChirwa

Ntchito yosamalira odwala ndinaipeza titangofika ku Mzuzu, bambo akunyumba atasamutsidwira kuno ndi boma. Misa itatha, Mayi Mhango, wapampando wa bungwe lathu la amayi achikatolika, anafunsa amene angamayendere odwala ku Salisbury Lines. Onse anayang'ana pansi, poti kumeneko dzinja likafika matope amalekeza m'mawondo. Ine ndinakweza dzanja.

Anandiphunzitsa ndi Mayi Mhango omwewo: madzi ofunda m'beseni, magolovesi, sopo, kansalu kakumaso kosiyana ndi kosambitsira thupi. Wodwala umamutembenuza pafupipafupi kuti asachite zilonda, n'kumudzoza mafuta kumsana. Phala ummwetse atakhala tsonga, angatsamwe.

Anandipatsa a NyaChirwa, mayi wogulitsa kachasu amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ana analibe, abale anawataya kalekale. Pakamwa anali aukali, koma ndikamaliza kuwasambitsa ankandithokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, mwana wane."

Atamwalira, nkhani inavuta. Mwambo wathu ndi wakuti yunifolomu timavala pa maliro a munthu wolandira masakramenti, ndipo anthu akaiona amadziwa kuti womwalirayo anali ndi ake. Mayi Mhango anandiimbira foni: "Kukasambitsa pitani, mama, koma yunifolomu musiye. Tinganenedwe kuti tikudalitsa kachasu."

"Ali moyo ndinkawasambitsa nditavala yomweyi," ndinatero. "Lero ndiivulire chiyani?"

Ndinaisita bwinobwino, ndinavala, duku ndi kolona yomwe. Pamaliropo ndinapeza azibambo omwa okhaokha, akuti angowakulunga m'bulangeti n'kunyamula, popanda nyimbo. Ndinawauza adikire panja. Ndinatseka maso a malemu, kumanga chibwano ndi kansalu, kusambitsa thupi kuyambira kumutu, n'kuwaveka chitenje changa chatsopano. Ndinakumbukira kuti amayi aja analawirira kumanda a Ambuye ndi zonunkhira sanadikire chilolezo cha munthu.

Kenako ndinayamba nyimbo ndekha. Bambo wina anavula chipewa n'kuyankha ndi besi yakale ya kwaya. Tisananyamuke kunafika amayi awiri a bungwe, yunifolomu atabisa m'majumbo. Anakavalira kuseri kwa nyumba.

Kumsonkhano wa bungwe anandiimiritsa kuti ndipepese. Ndinati ndimawalemekeza, koma pa ichi sindipepesa, ndipo ndinakhala miyezi ndisakupatsidwa ntchito. Sabata yoyamba atandilola kubwerera pa ntchitoyo, anandipatsa wodwala wina ku Luwinga. Mpaka lero sindifunsa ngati munthu amalandira masakramenti. Ndimafunsa ngati wasamba.