Fodya wa Mwini Ngolo

Dzulo pa kiliniki, pansi penipeni pa chikwangwani choletsa kusuta, bambo wina amakoka chingambwe mosatekeseka. Fungolo litangondipeza, mtima wanga unawira.

Linandikumbutsa za kale, ndisanayambe sukulu. M'mawa wina kukugwa mvula, mng'ono wanga wodwala mphumu anabanika, ndipo amayi anapempha mwini ngolo wa m'mudzi mwathu ku Zingalume kuti atiperekeze kuchipatala. Tonse tinafunda lona imodzi. Tisanapite patali, mkuluyo anayatsa fodya momwemo. Utsi unasowa potulukira. Maso ankandiwawa, ndipo chifuwa cha mwanayo chinayamba kulira ngati wenzulo.

"Pepani bambo, tazimitsaniko. Mwanayu akulephera kupuma," anatero amayi.

"Ngoloyi ndi yanga, ng'ombenso ndi zanga. Mundilamule ngati ndine mwamuna wanu? Ngati zakunyansani, tsikani!"

Anakoka kwambiri n'kuuzira utsi wonse kumaso kwa amayi, uku akuseka. Mng'ono wanga anatsokomola mpaka kusanzira pachitenje.

Amayi anakankha lona n'kudumphira m'matope ngolo ikuyenda, mwana ali m'manja. Ine ndisanatsike, ndinatsomphola fodya uja pakamwa pa mkuluyo. Fodyayo anandiwotcha chikhatho, koma sindinamutaye mpaka nditafika pansi, pomwe ndinamupondereza m'thope ndi chidendene.

"Iwe kamwana kopanda mwambo, ndikupeza!" anakuwa mkuluyo.

Amayi anali atabereka kale mwana, akuthamanga mumvula. Ndinawatsatira chikhatho chikunyeka, makutu onse ali kumsana kwawo, kumvetsera ngati mng'ono wanga akupumabe.