Agogo Osechedwa Pachipata

Pafakitale yathu ya nsapato pali bambo ena achikulire odula zikopa. Iwowa sakhulupirira chinthu asanachione kuseri. Chikopa chikabwera amachinunkhiza, n'kuchitembenuza, ndipo mawu a mabwana amawatero kumene. Amakonda kunena kuti, "Chikanyezimira kwambiri, pali chimene akubisa."

Mwezi watha bwana wamkulu anatisonkhanitsa pansi pa chikwangwani chatsopano cholembedwa kuti "Banja Limodzi". Anati kampani yathu sikungofuna phindu ayi, cholinga chake n'kutukula anthu, ndipo tonsefe ndife banja limodzi. Ife tinaomba m'manja, koma achikulirewo anakweza dzanja.

"Bwana, m'banja limeneli ineyo ndine ndani wanu?"

Bwana anaseka. "Inu ndinu agogo athu!"

"Zikomo, mdzukulu wanga. Nanga kwanuko agogo mumawapisa m'matumba tsiku lililonse akamatuluka pachipata?"

Bwana anatsokomola, n'kuyamba kukamba zobzala mitengo.

Chikwangwani chija chikadalipo, ndipo alonda akutisechabe poweruka. Chasintha n'chimodzi chokha. Akafika pa achikulirewo, amayamba avula chipewa, kenako n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani agogo, kwezani manja."