Mzere wa Amayi Kumbuyo kwa Mzungu

Kwathu mkamwini amakhala pamudzi pa apongozi ake. Amalima, amamanga nkhokwe, ndipo akakumana ndi apongoziwo panjira amapatukira kutchire. Ku London zinatembenuka. Mkamwini ndinali ine, m'kanyumba kopanikizana ka ku Edmonton, kukumana pakhomo la bafa m'mawa uliwonse ndi munthu amene mwambo umati ndisamuone n'komwe akutafuna.

Ndinapitako chifukwa cha mwana wanga wamkazi. Mimba yake yoyamba inapita padera ali yekhayekha m'dziko lozizira lija, mwamuna ali kumsonkhano. Itabwera yachiwiri ndinati iyi yokha ndikaionera ndekha. Koma chilolezo chimene anandidindira m'pasipoti chinali choti chitha mwana asanabadwe, ndipo kuti ndikhalebe pankafunika mwini nyumba akandiimire kumaofesi a boma ku Croydon, akasaine kuti azindisunga. Mwana wanga sakanatha, anali adakali pasukulu ya unamwino. Dzanja lofunika linali la mwamuna wake, mkamwini wanga. Iye ankadziwa zimenezo, ndipo dzanjalo ankayenda nalo m'thumba.

Anali munthu wophunzira, wa ntchito ya muofesi m'katikati mwa tauni, wovala tayi ngakhale Loweruka. Matenda ake anali amodzi: ankafuna azungu amudziwe dzina. Chaka chimenecho mzinda unkakonzekera kusankha meya, ndipo chipani china chinati chiyambe chachita chipulula, kuti pa amuna angapo ofuna mpandowo patsale mmodzi. Mkamwini anadzitolera mmodzi mwa iwo n'kuyamba kumutchula kuti munthu wanga, ngati anawetera limodzi mbuzi. Akaweruka ankanyamula chikwama cha timapepala n'kumakalowetsa m'zitseko za eni, agalu akumuuwa. Mkazi wake miyendo itatupa, iye akusita malaya a kumsonkhano. Ankati munthu wakeyo akapambana adzamukumbukira, adzamupezera ukhansala. Ine ndinkangomuyang'ana. Kwathu wothamangira andale amabwerako ndi nsalu, wamwayi njinga. Uyu ankabwerako ndi chimfine ndi kabaji ka pachifuwa.

Tsiku lina anaima pakhomo la khitchini, chiimire, osawomba ndi m'manja momwe. Anati Lachinayi kuli chipulula kuholo ina, ndipo akufuna amayi a kutchalitchi kwathu akaoneke atavala zitenje ndi maduku. Anati amayiwo amamvera ine. Kenaka anawonjezera, maso ali paketulo:

"Mukandithandiza apa, amayi, nanenso za ku Croydon zija ndiziona."

Ndinamufunsa kuti nanga tikakafika tizikachita chiyani. Anangogwedeza dzanja, n'kunena kuti zimenezo ndisavutike nazo mutu, ife tingofika basi. Ndi mmene ankayankhira mkazi aliyense.

Tsono ine chipulula ndimachidziwa, ndachipondaponda pabwalo la sukulu kwathu. Ofuna mpando amaima kutsogolo atafulatira khamu. Aliyense amakaima kumbuyo kwa amene akumufuna, atagwira mapewa a mnzake kuti adani asalowerere pakati, akuluakulu n'kumawerenga mitu. Wa mzere wautali ndiye wapambana. Palibe cholembera, palibe zilembo. Ife osapita kusukulu ndi chisankho chokhacho chimene tinkachiona ndi maso athu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinasonkhanitsa amayi pakhonde, a ku Malawi ndi a ku Zambia omwe, n'kuwakumbutsa kayendedwe kake. Ambiri anali osamalira nkhalamba m'nyumba za okalamba, anthu okhala ndi tulo ta chaka chonse m'maso, koma anavomera chifukwa za mimba ija ankazidziwa. Mtsikana wina wa kuyunivesite anati anamva kuti kuno amachita ndi mapepala. Ndinamufunsa ngati anayamba wapitako ku chipulula cha kuno. Anati ayi. Ndinati ndiye akhale chete. Mayi wina wa ku Chipata, mnzanga wa pakamwa ngati wailesi, anati iye aima wachiwiri, ndipo woyesa kulowerera alawa chigongono.

Lachinayi tinadzaza basi imodzi. Holo yake tinaipeza yozizira ngati mosungira maliro. Kunalibe ng'oma, kunalibe nyimbo, kunalibe ngakhale lole yotuta anthu. Nkhalamba zachizungu zinangokhala phee pamipando, makapu a tiyi m'manja, zikudya tibisiketi touma toti kwathu ungachite manyazi kupatsa mlendo. Mkamwini anatikhazika kutsogolo penipeni poonekera, monga ayalira tomato pamsika, wamkulu pamwamba.

Ofuna mpando anayamba kulankhula mmodzimmodzi, wa ku Chipata akunditanthauzira kukhutu. Ndinkadikira kumva za chakudya, za lendi, za odwala. Eti amuna a imvi zawo akukangana za mabasi, ngati basi iyenera kukhala yaitali yopinda pakati ngati bongololo, kapena yosanjikiza. Omvera n'kumawomba m'manja ndi nsonga za zala, ngati akuopa kudzutsa khanda. Munthu wa mkamwini anali woonda, wofiira makutu, wolankhula maso ali papepala. Ndinaona msanga kuti uyu sangapambane ngakhale ukomiti wa pamjigo. Koma ine sindinabwerere iye.

Atamaliza, onse anaimirira kutsogolo kwa tebulo, motalikirana pang'ono. Ndinati nthawi yake ndi imeneyi. Ndinamangitsa chitenje, n'kukodola amayi. Tinakwera pansanja. Ndinakaima kumbuyo kwa wofiira makutu uja n'kumugwira jekete. Wa ku Chipata anandigwira mapewa, ena onse ndondondo, mpaka mzere unatsika masitepe n'kukafika patebulo la tiyi.

Mzunguyo anacheuka. Kwathu wopikisana saloledwa kucheuka, kuopa kuti angaloweze nkhope za omukana, choncho ndinamugwira mapewa n'kumutembenuza kuti ayang'ane kutsogolo. Anacheukanso, ndinamutembenuzanso. Atayesa kusuntha, mzere wonse unasuntha naye. Ndinasuzumira kumbuyo kwa anzake aja: mbee, kulibe ndi munthu mmodzi yemwe. Wa ku Chipata anaona zomwezo n'kuutsa nthungululu.

"Manje awerenge," anatero, "tione ngati na pano azatibera."

Palibe anabwera kudzawerenga. Holo inayamba kuseka, kuseka kwawo kotsekera pakamwa ndi dzanja. Mayi wa magalasi amene ankayendetsa msonkhano anatiyandikira akumwetulira ndi mano okha, akuloza mipando. Ndiye anatulukira mkamwini, nkhope ili ngati phulusa.

"Amayi, musiyeni munthuyo. Siyani jekete. Kuno savota choncho. Mwandivula."

"Mwadzivula nokha, bambo. Ndinakufunsani."

Zoona zake ndinazimvera m'basi pobwerera, kwa mtsikana amene ndinamukhalitsa chete uja. Msonkhanowo unali wongomvera zolankhula. Kusankha kwenikweni aliyense ankachitira kwake, ena pafoni, ena papepala, ndipo ambiri mwa ife maina athu m'kaundula wa ovota munalibe n'komwe. Mkamwini ankazidziwa zonsezo. Anatitengera kukakhala maluwa a patebulo, kuti bwana wake aone kuti ali ndi anthu. Amayi anaseka mpaka misozi, woyendetsa basi akutiyang'ana pagalasi. Ine sindinaseke.

Wofiira makutu uja anagwa chagada, monga ndinaonera. Mkamwini anati ndagwetsa ndine, ngati kuti mzungu uja anali ataima. Anasiya kundilankhula. Sutikesi yanga, imene inkakhala pamwamba pa wadiropu, ndinaipeza ili pakhomo la chipinda. Anauza mkazi wake kuti afunse za tikiti ya ndege. Mwana wanga ankakalirira kubafa atatsegula mpopi kuti ndisamve. Ndinayamba kupinda zovala, uku ndikumuphunzitsa mothamanga zimene ndinkati ndidzachita ndi manja anga: kusambitsa khanda losaumitsa khosi, kusamala mchombo, kumanga mimba akachira. Ankangoti inde amayi, inde amayi, koma sankamva. Ankaopa.

Koma andale alibe manyazi kulikonse, a kwathu ndi a kwa eni omwe. Wogonja uja anakagwirana chanza ndi wopambana, akumwetulira ngati apatsana mkazi. Mkamwini naye sanakhale pamaliro ngakhale tsiku limodzi. Anavula baji yakale n'kuvala ya wopambanayo, n'kuyamba kunena kuti iye anaoneratu kuti uyu ndiye munthu. Kenaka foni inalira. Anthu a wopambana uja, amene miyezi yonse ya timapepala sankadziwa kuti mkamwini alipo, tsopano ankafunsa za bambo amene anabweretsa amayi ovala nsalu zowala aja. Bwana wawo anali woti adzayendera msika wa ku Edmonton chisankho chachikulu chisanafike, ndipo ankafuna amayiwo adzaime naye pomujambula.

Ndinali kukhitchini pamene anabwera. Ananjuta pakhomo, tayi ikulendewera pansi, n'kuwomba m'manja. Chikwatirireni mwana wanga sanachitepo zimenezo.

"Amayi, zija zinali za Satana, tiziiwale."

Ndinapitiriza kutakasa tiyi. Ndinamusiya anjute mpaka maondo anamveka kulira.

"Ku Croydon kaye, bambo."

Sabata yotsatira tinakwera sitima, iye atandinyamulira chikwama. Kumaofesi kuja analankhula Chingerezi chake chotulukira m'mphuno, n'kusaina pamene anamulozera. A muofesimo anatiuza kuti pamene akuluakulu akuona nkhani yanga, ine ndikhalebe. Sutikesi anaibwezera yekha pamwamba pa wadiropu, ataponda pampando.

Ulendo wa kumsika unazengereza, monga zichitira za akuluakulu, mpaka unadzagwera sabata imene mwana wanga anachira. Anachirira kuchipatala chachikulu cha komweko, m'nyengo yozizira kwambiri, ine nditamugwira msana. Kanabadwa katsikana, kolira mokweza moti anamwino anaseka. Loweruka lake amayi anzanga anabwera kunyumba, wina kuphika phala, wina kuchapa, wa ku Chipata akulamula onse. Sindinawakumbutse za kumsika, ndipo palibe anafunsa.

Foni inalira, mwana wanga n'kundipatsa. Anali mkamwini, ali kumsika, mvula ikumveka kumbuyo kwake. Anati bwana watsala pang'ono kufika, ojambula afika kale, nanga amayi ali pati.

"Wa m'chikuta sasiyidwa yekha, bambo. Ngati bwana wanuyo akufuna kujambulitsa nafe abwere kuno, avule nsapato pakhomo."

Anabwerako madzulo atanyowa chinyowere, baji itapendekeka. Anaima pakati pa balaza akudontha, amayi akumulambalala ndi mabeseni. Kenaka anatambasula manja kuti anyamule mwana wake. Ndinali nditangomaliza kukasambitsa, kali mbuu ndi paudala pamiyendo panga. Ndinamuuza kuti ayambe wakasamba m'manja ndi sopo, chifukwa sindinkadziwa kuti wagwirana chanza ndi ndani.